Kuchokera ku Ulongwe mpaka ku Cape: zolemba za ulendo wa banja lathu

Lolemba, 30 Juni, Tete

Tanyamuka ku Ulongwe tambala woyamba atangolira, kuzizira kukuluma zala. Amayi a chigwirizano anabwera dzulo madzulo ndi kamba wathu: nkhuku ziwiri zootcha, mbatatesi ya ku Tsangano, mtedza wokazinga ndi nyemba zoti tikapatse abale. Gogo wina wa m'kalasi langa la sukulu ya kwacha, amene chaka chino wayamba kuwerenga yekha Buku Lopatulika ali ndi zidzukulu kale, anandigwira mkono n'kunena kuti, "Amayi busa, akuti kumeneko kuli nyanja ya madzi amchere. Mukanditungireko pang'ono ndidzalawe ndisanafe." Ndamulonjeza.

Ana atatu onse anagona mpaka titayamba kutsetsereka. Ukatsika kuchoka kumtunda kwa Angonia dziko limasintha ukuona: minda ya mbatatesi imatha, kumayamba milambe ndi mbuzi, ndipo majuzi aja timavula mmodzimmodzi. Pa Moatize fumbi la malasha lili ponseponse. Tawoloka Zambezi dzuwa lili paliwombo.

Ndilembe zoona, poti buku lino ndi langa. Ulendowu sindinaufune. Patha zaka 6 chikaonekereni kwa anthu a ku Cape amene amatithandiza pa ntchito yathu ya mpingo ku Angonia, ndipo ndikudziwa kuti n'koyenera kupita. Koma mtima wanga umalemera ndikaganiza zokaima kutsogolo kwa anthu ndi zithunzi za akhristu athu, ngati ndikugulitsa umphawi wa anthu amene ndimadya nawo m'mbale imodzi. Ndinawauza abambo usiku uno. Anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Mayi, sitikukapempha. Munthu akakutuma kumunda, umabwerako n'kukamuuza mmene mbewu zamerera." Ndamva, koma mtima sunakhazikikebe.

Lachiwiri, 1 Julayi, Harare

Tatuluka Mozambique pa Cuchamano n'kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda. Mapepala a galimoto, inshuwalansi, mapasipoti asanu, ndiponso kusintha mutu kuchoka ku metikali kupita ku dola. Cha ku Mutoko kuli miyala ikuluikulu yosanjikizana ngati munthu anachita kuiika ndi manja, ndipo amayi akugulitsa tomato m'mphepete mwa msewu monga kwathu.

Tagona ku Highfield kwa mkulu wa mpingo wina wa CCAP. Bamboyu ali ndi imvi mutu wonse, anabadwira konkuno, ndipo ku Malawi sanapondeko chibadwire. Bambo awo anabwera wapansi kuchokera ku Dedza kudzafuna ntchito. Koma akamalankhula amati "kumudzi", ndipo andifunsa ngati phiri la Dedza limaonekadi munthu ali ku Ulongwe mbali ya malire, ngati mapira akadalimidwa, ngati anthu akadaphika chigumu. Chichewa chawo chalowerera Chishona, nsima amaitcha sadza, koma pa pemphero la madzulo anapemphera Chichewa chakale chenicheni, chija cha m'katekisimu.

Atikumbutsa kuti mpingo wawo unabadwa chifukwa cha anthu apaulendo. Anthu akwathu atachuluka m'migodi ndi m'mafamu a kuno, mbusa T.C.B. Vlok, yemwe uja anayamba mishoni ya Mvera pamodzi ndi A.C. Murray mu 1889, anawatsatira ku Salisbury, Harare wa lero, mu 1912. Sinodi ya Harare inadzaima payokha mu 1965. Potsazikana usiku anatipatsa madola ochepa atawakulunga m'pepala la kope. Ndinafuna kukana, poona mmene zinthu zilili pakhomopo, koma abambo anandiponda phazi pansi pa tebulo. Sitinawawerengere anthuwa pa mndandanda wa otithandiza.

Lachitatu, 2 Julayi, Musina

Tsiku la msewu lokhalokha. Makilomita pafupifupi 580 kuchoka Harare, kudzera Masvingo, mpaka Beitbridge. Mzime wathu wafunsa ngati tafika kasanu ndi kawiri tisanadutse ndi Chivhu yomwe. Tawoloka Limpopo kutada, mchenga wambiri kuposa madzi. Msana ukuwawa. Ndigone.

Lachinayi, 3 Julayi, Johannesburg

Achimwene anatidikira pa filing'i siteshoni ina kumwera kwa mzinda chifukwa abambo anaopa kusochera m'misewu yopiringizanayi. Nditawaona akubwera, chipewa chili kumanja, ndinaona mayendedwe a malemu bambo athu. Zaka 9 tisanaonane. Sindinathe kulankhula. Iwo anangoti, "Achemwali, mwafika," kenako ananyamula mzime amene sanamuonepo.

Amakhala ku Turffontein, chipinda chimodzi ndi kakhitchini kuseri kwa nyumba ya munthu, ndipo makina awo osokera ali pafupi ndi bedi. Ndi telala wabwino, anaphunzira pakhonde la sitolo ku Dedza. Alamu anga atilandira ndi madzi otentha osamba ndi mabulangete onse a m'nyumbamo. Ana awo awiri amamva Chichewa koma amayankha m'Chingerezi ndi Chizulu, athu amasakaniza Chichewa ndi Chipwitikizi, koma pofika madzulo anali atagwirizana kale pa mpira wa pabwalo.

Pobwera tinadutsa milu ya dothi lachikasu, yaitali ngati mapiri odulidwa pamwamba. Achimwene anati ndi dothi lotuluka m'migodi ya golide. Ndinaiyang'anitsitsa. Agogo athu aamuna anabwera kuno pa Wenela kawiri, boma la Malawi lisanaletse zotumiza anthu ndege yonyamula ogwira ntchito m'migodi itagwa ku Francistown mu 1974. Anabwerako ndi sutikesi yachitsulo, njinga yakapalasa ndi chifuwa chimene sichinawasiye mpaka kumanda. Mwina dothi lina pamuluwo linafukulidwa ndi manja awo.

Ndaphika nsima ya ufa woyera wakwathu ndi usipa wotendera. Achimwene anadya osalankhula, n'kupukuta mbale ndi chala. Ana atagona, ndi pamene anafunsa chimene ndinkadziwa kuti afunsa: "Tandiuzani mmene amayi anayendera." Pa maliro sanabwere, mapepala awo anali asanalongosoke, ndipo akanatuluka sakanabwereranso kwa ana awo. Anatumiza ndalama ya bokosi, mwambo anaumvera pa foni. Ndinawafotokozera zonse kuyambira tsiku limene amayi anasiya kudya, amene anawasambitsa, amene analalikira, mvula imene inagwa tikuchoka kumanda. Ndinawauzanso kuti amayi sanawadandaule, amangoti mwana wanga ali ku Joni akulera ana. Kenako ndinatulutsa mpango wa amayi woyera, wa chigwirizano, umene ndinasunga zaka zitatu. Anaufunyulula, anaununkhiza, n'kutuluka panja mozizira muja. Alamu anati tiwasiye.

Ngakhale galimoto itatifera mawa n'kubwerera pabasi, ulendowu wapindula kale.

Loweruka, 5 Julayi

Masiku awiri ochapa, kugona ndi kulandira alendo. Mbiri yamveka kuti kwabwera abusa ochokera kumudzi, ndiye anthu akubwera mmodzimmodzi, ena kudzapemphereredwa, ena kudzapereka timaphukusi toti tikasiye ku Dedza ndi ku Ntcheu. Nyemba zija zatha.

Lamulungu, 6 Julayi

Tapemphera ndi Amalawi m'kalasi la sukulu limene amachita lendi Lamulungu lililonse. Mipando ya ana, bolodi likadali ndi masamu, koma kuimba kwake ndinachita kumva tsemwe. Abambo alalikira pa Machitidwe 14, pamene Paulo ndi Barnaba anabwerera ku Antiokeya, nasonkhanitsa mpingo umene unawatuma, n'kuufotokozera zimene Mulungu anachita. Ndinadziwa kuti theka la ulalikiwo likulunjika kwa ine.

Pa zolengeza, mlembi anawerenga za mnyamata wina amene wamwalira sabata yatha, ndi ndalama imene yatsala kuti thupi likwere galimoto kupita kumudzi. Mbale inazungulira. Itatha imeneyo, inazunguliranso ina ya ntchito ya ku Angonia. Manja omwewo, matumba omwewo.

Lolemba, 7 Julayi, Colesberg

Msewu wa N1 wangoti tambalala, kulipira pa zipata, minda ya chimanga chokololedwa, kenako Bloemfontein, kenako mtsinje wa Orange. Mitengo yatha, kwangotsala tizitsamba ndi nkhosa. Ife a ku Angonia timadzitama kuti kuzizira timakudziwa, koma kuno n'kwina.

Lachiwiri, 8 Julayi, Graaff-Reinet

M'mawa madzi amene tinasiya m'botolo pa galimoto anali atauma gwa. Mnyamata wathu wayenda nalo botololo mpaka linasungunuka.

Tauni ino ndinkaifuna kuiona kuyambira kale. Ili pakati pa dziko louma la Karoo, mtsinje wa Sundays utaizungulira ngati chibangili, nyumba zake zoyera mbee. Andrew Murray wamkulu anachoka ku Scotland n'kudzakhala mbusa pano mu 1822, ndipo anatumikira mpaka imfa yake mu 1866. Nyumba ya abusa imene anakhalamo, Reinet House, pano ndi yosungiramo zinthu zakale. M'banja limeneli ndi mmene munatuluka a Murray onse amene mayina awo tinkawamva ku Nkhoma tili ana: A.C. Murray wa ku Mvera, W.H. Murray amene anatsogolera ntchito yomasulira Buku Lopatulika, ndi A.G. Murray amene anatsegula Mphatso ku Angonia kwathu komwe mu 1909, Apwitikizi asanatseke mishoniyo mu 1922.

Kuseri kwa nyumbayo kuli mpesa umene Charles Murray anabzala mu 1870. Nyengo ino ulibe tsamba ndi limodzi lomwe. Thunthu lake n'lokalamba, lokhakhala, long'ambikang'ambika, ndipo nthambi zake azichirikiza kuti zisagwe. Ukangouona ungati nkhuni. Koma akuti nyengo yozizira ikatha umaphukabe. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali ndikuganiza za akhristu a ku Angonia amene anakhala zaka makumi angapo opanda mbusa, akumawoloka malire mobisa kukabatizitsa ana ndi kukadya mgonero ku Malawi. Agogo ena a mumpingo mwathu amazikumbukira zimenezo.

Titapita kukaona tchalitchi chachikulu cha miyala cha mpingo wa Dutch Reformed pakati pa tauni, chomangidwa m'ma 1880, mtsikana wathu wachisamba anandifunsa motsitsa mawu: "Amayi, tikanabwera nthawi imeneyo, akanatilola kulowa?" Ali ndi zaka 14, sindingamunamize. Ndinamuuza kuti mwina ayi. Ndinamuuza kuti mu 1857 sinodi ya mpingo umenewu inalola kuti akuda ndi azungu azipemphera kosiyana, ponena kuti ena ndi ofooka, ndipo pambuyo pake mpingo womwewo unaikira kumbuyo boma la tsankho kwa zaka zambiri. Ndinamuuzanso kuti mu 1990 ku Rustenburg mphunzitsi wawo wa zaumulungu, Willie Jonker, anaima poyera n'kuvomereza tchimolo, ndipo Desmond Tutu anayankha mokhululuka. Mwanayo anati, "Ndiye anali anthu abwino kapena oipa?" Ndinati mpingo womwewo unatumiza anthu amene anaika ana awo m'manda a ku Mvera chifukwa cha malungo, osathawa, ndipo Baibulo lili m'chikwama changali linadutsa m'manja mwawo. Zonse ziwiri n'zoona, ndipo sindifuna kuti aphunzire imodzi n'kuiwala inzake. Sanakhutire. Ine ndikuona kuti n'bwino asakhutire msanga.

Lachitatu, 9 Julayi, Beaufort West

Pakati pa Aberdeen ndi Beaufort West pali makilomita pafupifupi 150 opanda mudzi. Pamenepo ndi pamene lamba wa injini anaduka. Foni yopanda netiweki, mphepo ikuwomba ngati ikufuna kutinyamula. Tinapemphera m'galimoto, ana ndinawafunditsa zitenje. Patapita ola ndi theka panaima kagalimoto ka pafamu, nkhosa zitatu kumbuyo. Anatsika bambo wachikulire wovala ovololo, wantchito wa pafamu, wolankhula Chiafrikaans chokha. Anasuzumira mu injini, anapukusa mutu, anapita, ndipo anabweranso ndi lamba wakale ndi masipanala. Iye ndi abambo anagwira ntchito mophunzitsana ndi manja, popanda liwu limodzi lomvana. Ndalama anakana. Analandira mtedza wokazinga wotsala uja, n'kuuthira m'thumba la ovololo.

Lachinayi, 10 Julayi, Wellington

Tatsika m'chigwa cha Hex River, minda ya mpesa mbali zonse, nsonga za mapiri zili ndi chipale choyera. Tadutsa m'phanga la Huguenot, makilomita pafupifupi 4 pansi pa phiri, ana akuyesa kugwira mpweya. Kutuluka mbali inayo, mvula, ndi dziko lobiriwira. Kuno mvula imagwa nthawi yozizira, zosiyana ndi kwathu.

Banja limene latilandira linatiyalira ngati mafumu, m'bedi muli mabotolo a madzi otentha. M'mawa ndi madzulo tiyi wa rooibos ndi beskuit, buledi wouma woviika. Kutsogolo kwa tchalitchi cha m'tauni kuli chiboliboli cha Andrew Murray wamng'ono, amene anali mbusa pano kuyambira 1871. Abambo atikumbutsa kuti ntchito ya ku Mvera poyamba sinalipiridwe ndi thumba la sinodi. Anali abusa angapo, motsogozedwa ndi iyeyu, amene anagwirizana mu 1886 kuti azipatula pa malipiro awo.

Lachisanu, 11 Julayi

Lero ndilemba zambiri.

Pa anthu amene amatithandiza pali dzina limodzi limene limabwera mwezi ndi mwezi ndi kandalama kochepa, kosasintha, kosaphonya. Sindinkadziwa nkhope yake. Lero tinapita kukawaona kunyumba yosungirako okalamba. Tinapeza gogo wamng'ono thupi, wa zaka zoposa 90, ali pa njinga ya olumala, bulangete pamiyendo. Ndinayamba kukonza Chingerezi changa m'mutu. Iwo anatambasula manja onse awiri, dzanja lamanzere litagwira mkono wamanja monga timachitira kwathu, n'kunena kuti, "Moni amayi. Mwayenda bwanji? Nanga kunyumba mwasiyako bwanji?"

Anali namwino ku chipatala cha mishoni ku Malawi ali mtsikana, ndipo anakhalako zaka zambiri. Chichewa chawo n'chakale, chaulemu, cha anthu a kumudzi a nthawi imeneyo. Ana anagwada powapatsa moni, ndipo gogoyo anatchula aliyense dzina lake asanauzidwe. Anafunsa mnyamata wathu ngati mkono umene anathyoka chaka chatha unapola bwino.

Kenako anatuma mtsikana wathu kuti atenge kope pa tebulo la pafupi ndi bedi. Kope la sukulu, chikuto chomatidwa ndi tepi. M'katimo muli mayina a midzi yathu yonse imene timatchula m'makalata, Domwe, Tsangano, Furancungo, olembedwa ndi dzanja lonjenjemera, tsiku lililonse la sabata lili ndi tsamba lake. Lachiwiri ndi la akulu a mpingo amene abambo amawaphunzitsa. Lachinayi ndi la amayi a kalasi langa. Pambali pa zina analemba chizindikiro chosonyeza kuti pemphero layankhidwa. Anandifunsa za mayi wina amene ndinamutchula kamodzi kokha zaka zinayi zapitazo, amene mwamuna wake ankamuletsa kubwera ku kalasi. "Kodi anamulola?" Ine ndinali nditaiwala kuti ndinalembapo zimenezo. Ndinawauza kuti anamulola, ndipo pano mayiyo ndi amene amawerenga mawu pa chigwirizano. Gogo anapempha cholembera, nachonga pa dzinalo pang'onopang'ono, lilime lili pakati pa mano ngati mwana wa sitandade 1.

Anati maso akutha, sangathenso kuwerenga Baibulo la zilembo zing'onozing'ono, ndiye anapempha abambo awawerengere Salimo 121 m'Chichewa. Milomo yawo inkatsatira mawu onse. Ndinawapatsa chitenje chimene amayi a kalasi anasonkherana. Anachiyala pamwamba pa bulangete, nachisisita. Potsazikana anati, "Sitidzaonananso pansi pano, koma Lachinayi ndilipo." M'galimoto palibe analankhula mpaka tinafika.

Lamulungu, 13 Julayi, Cape Town

M'mawa tinali mu tchalitchi chachikulu cha mpingo umene umanyamula gawo lalikulu la ndalama ya ntchito yathu. Mipando yambiri yopanda anthu, mitu yambiri ya imvi. Anatipatsa mphindi 15. Usiku ndinali nditachotsa zithunzi za madenga odontha ndi ana osavala nsapato, ndinasiya za anthu akugwira ntchito: akulu a mpingo ali m'kalasi, amayi akuumba njerwa za tchalitchi chawo, dzanja la gogo uja litagwira choko. Ndinalankhula m'Chingerezi, mawondo akugwedezeka, ndipo ndinawatchula anthu athu monga anzathu a pa ntchito, pakuti ndi mmene alili. Abambo anafotokoza mosabisa mmene ndalama inayendera, ndiponso za mpingo wina umene tinauyamba koma sunapitirire. Titatuluka, bambo wina mlimi wa mpesa anati chimene chamukhudza kwambiri ndi cha mpingo wolepherawo, chifukwa naye anazulapo munda wathunthu. Msungichuma anatiuza moona kuti chopereka chawo chikutsika ndipo sangalonjeze kuwonjezera. Ndinamuthokoza chifukwa chotiuza maso ndi maso.

Masana tinapita ku Masiphumelele, kufupi ndi Fish Hoek, kumene kuli Amalawi ambiri ogwira ntchito za m'nyumba ndi za m'maluwa. Tinyumba ta malata tothinana, matope mpaka m'kakolo chifukwa cha mvula. Tinakhala anthu oposa makumi atatu m'chipinda choyenera anthu khumi, mbaula ya palafini pakati. Panali a ku Nkhata Bay, a ku Mangochi, a ku Mzimba, a ku Ntcheu, a mipingo yosiyanasiyana. Sanafune zithunzi. Anafuna kumva ngati mvula inagwa bwino, mtengo wa feteleza, ndiponso ngati n'zoona kuti ku Mozambique kuli midzi yolankhula Chichewa imene mbusa amafikako kamodzi pa chaka. Mayi wina amene amachapa m'nyumba zitatu pa sabata anafunsa kuti abusa amayenda bwanji kumeneko. Abambo anati pa njinga yamoto, mafuta akapezeka.

Tikunyamuka, mayi yemweyo anandikankhira envelopu m'chikwama. Ndaitsegula usiku uno. Muli ma R10 ndi ma R20 ofewa chifukwa chogwiridwagwiridwa, ndi makobidi amene apangitsa envelopuyo kulemera. Pamwamba alemba ndi bolopeni: "Mafuta a njinga ya abusa. Mwezi wamawa titumiza pa Mukuru." Ndawerenga kawiri, ndalemba m'buku la ndalama mzere wakewake, pansi pa mpingo wa m'mawa uja.

Lolemba, 14 Julayi, Fish Hoek

Mvula yakata. Tinatsikira kunyanja m'mawa, mphepo ikuwomba, mchenga wozizira ngati simenti. Ana anathamangira mafunde n'kubwerera akukuwa. Mzime analawa madzi n'kulavula, ndipo anafunsa kuti anathiramo mchere ndani. Ine ndinakwinya chitenje, ndinalowa mpaka m'mawondo, n'kudzaza botolo lija linauma madzi ku Colesberg. Ndalitseka bwino, ndalikulunga m'pulasitiki ndi m'juzi, ndipo lili pansi pa mpando wanga pamodzi ndi makalata a ku Dedza ndi ku Ntcheu. Abambo agula lamba watsopano wa injini, wakale uja tamusunga. Mawa 4 koloko m'mawa tiyamba kubwerera, tikagona ku Beaufort West.